Tsiku Limene Ng'ombe Zinalowa M'mtedza

Mfuti ija sinali ya Bizwick, ndipo mtedzawo sunali wake. Tiyambire pomwepa, chifukwa anthu a ku Kabudula akamaisimba nkhaniyi masiku ano amaiyamba ngati munthuyo anabadwa ndi mfuti m'manja. Bodza limenelo. Bizwick Makwinja anabadwira pakhasu ngati tonsefe, kwawo ku Phalombe, ndipo akanakalambira komweko madzi akanapanda kutsika m'phiri chaka chija n'kukokolola nyumba, minda ndi manda omwe. Pamene panali munda wake panatsala miyala yokhayokha. Ndiye lole yofuna matenanti itafika, anakweza mkazi wake Faness, kamwana kawo Triza ndi mtolo wa ziwiya, ulendo wa kuno.

Esiteti inali ya a Msokera, munthu wa m'tauni amene ankabwera Loweruka lokha, nsapato zake zosadziwa matope. Chaka choyamba fodya anamukana Bizwick. Manja ake anazolowera nandolo ndi mpunga, ndiye masamba anatuluka ang'onoang'ono, ena anaolera m'chigafa. A Msokera anamuyang'ana msinkhu, anamuyang'ana mapewa, n'kunena kuti, "Iwe ulimi wa fodya si wako. Ukhale mlonda." Anamupatsa kanyumba kaudzu pafupi ndi shedi yosungiramo zokolola, ndipo m'kanyumba momwemo ndi momwe khanda lawo, Wisdom, linagwera mchombo. Kanali kodontha, koma kanali ndi chitseko.

Mwezi wa Meyi, mtedza ataukumba n'kuuunjika milumilu m'munda kuti uume, akuba anayamba zawo. Mulu umodzi unasowa cha kudambo, wina cha kumsewu. Loweruka a Msokera anatsika m'galimoto nkhope itakwinyika kale.

"Kodi ndikukusunga ngati mlonda kapena chokongoletsa pakhomo?" anatero. "Tamvera. Mulu wina ukasowanso usadikire kuti ndikuuze. Utenge mkazi wako, ana ako, mapoto ako, unditulukire m'nyumba mwanga tsiku lomwelo."

"Bwana, mundawu ndi waukulu, ine ndili ndekha ndi chibonga."

A Msokera anapisa dzanja kuseri kwa mpando wa galimoto n'kusolola mfuti ya mpope umodzi, yothyola pakati poika chipolopolo. Anamuonetsa kathyoledwe kake, kaikidwe kake paphewa, n'kumuthira zipolopolo m'thumba la malaya ngati akumupatsa maswiti.

"Nanga ndikaombera munthu, bwana?"

"Wakuba ndi munthu? Lamulo likuti aliyense ateteze chake. Ine ndinawerenga, iwe sunawerenge. Ukamupeza m'munda mwanga ali ndi katundu wanga m'manja, zotsalazo ndi za ine ndi maloya anga."

Faness ataiona mfutiyo anaima pakhomo n'kutambasula mkono. "Ichi chisalowe muno, bambo a Triza."

"Ndi ya ntchito."

"Mtedza akaba timadzala wina chaka chamawa. Munthu mudzamudzala?"

"Nanga akatithamangitsa tilowera kuti? Ku miyala kuja? Ana awa muwagoneka pansi pa mtengo wa ndani?"

Koma Faness mkono sanautsitse, ndipo mfuti inkagona panja, yotsomekedwa m'denga la khonde.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene wa kuno aliyense amachidziwa asanamere mano, ndipo n'chifukwa chake palibe amene anaganiza zomuuza mlendo. Kuno munda uli ndi mwini wake kufikira tsiku limene mwiniyo walowetsamo ng'ombe. Ng'ombe zikalowa kukadya mapesi ndi masangwi a mtedza, ndiye kuti mwini wamaliza, watenga zake, wasamba m'manja. Zotsalira m'nthaka ndi za wokunkha. Palibe amaimba belu, palibe amalengeza kutchalitchi. Amayi amangoona nyanga m'munda, basi, n'kuthamangira timakasu ndi madengu. Pa esiteti ya a Msokera zinkatero chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya bambo awo. Koma chaka chathacho, nthawi yokunkha, Bizwick anali m'chigafa kulimbana ndi fodya wake woola uja, sanaone kanthu. Kwawonso munda ndi kachigamba, ng'ombe n'zowerengeka, ndipo m'munda wa mnzako sulowamo ndi dengu ngakhale m'chilimwe.

Lachinayi m'mawa ngolo yotuta mtedza inaphulika tayala pakati pa munda. Kumunsi anali atatuta kale, koma kumtunda milu inali mbwee. Woyendetsa ngolo anamasula ng'ombe ziwiri zija pagoli, anazimangirira kumtengo wa mango ndi chingwe chofumbwa, n'kukweza tayala panjinga kupita nalo ku Kabudula. Antchito ena anapita kukathothola mtedza kushedi. Ng'ombe si zopusa: zinanunkhiza masangwi, zinakoka kawiri, chingwe chinaduka.

Amayi ochokera kuchigayo ndiwo anayamba kuziona. Mawu anathamanga kuposa njinga. Dzuwa lisanafike paliwombo, kumunsi kwa munda kunali kutadzaza amayi ndi atsikana, onse chowerama, akufukula mizere, ena akuimba.

Bizwick anali atatsamira khoma la shedi, tulo ta masiku ambiri titamugwira. Chinamudzutsa ndi nyimbo ija. Anakwera pachulu, anayang'ana kumunda. Masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse m'munda wa bwana, osabisala n'komwe. Kunena zoona sanaone amayi. Anaona Faness ali pamsewu ndi mtolo pamutu, Wisdom kumsana, Triza akufunsa kuti tikupita kuti. Anasolola mfuti m'denga, anaithyola akuthamanga, anaikamo chipolopolo.

"Tulukani! Tulukani m'munda muno, akuba inu."

Woyamba kuweramuka anali Rozaria, mkazi wa Hilario wopala matabwa wa m'mudzi wapafupi. Anali mayi wa ana anayi, woimbitsa kwaya kutchalitchi cha Katolika, wathupi, wa pakamwa pakuthwa. Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Akuba ndani, alonda? Kodi ng'ombe simukuziona?"

"Ng'ombe zikukhudzana bwanji ndi mtedza wa bwana?"

Amayi anaseka. Iwo ankayesa kuti munthuyu akudzipusitsa dala kuti amugawire kanthu. Iye ankayesa kuti akumunyoza chifukwa cha kayankhulidwe kake ka kumwera. Onsewo ankamva Chichewa, koma palibe ankamva mnzake.

"Munda watseguka uno, bambo," anatero Rozaria. "Kafunseni amene anakulembani ntchito."

Tisawayeretsenso kwambiri amayiwo. Cha kumtunda kunali atsikana ena adyera amene anali atayamba kusolola m'milu yeniyeniyo, pafupi ndi pamene ng'ombe zinkadya. Bizwick anawaona, ndipo mutu unamutentha. Koma atsikanawo anali patali, Rozaria anali pafupi. Anagwira dengu lake.

"Siyani dengu langa."

"Khuthulani."

"Ndati siyani. Ndafukula ndekha ndi zala zangazi."

Anakokana. Rozaria anali wamphamvu, ndipo Bizwick anali ndi dzanja limodzi lokha, linalo lili ndi mfuti. Mayiyo anamukankha ndi chiuno, chidendene cha Bizwick chinakodwa mumzere, n'kugwa chagada miyendo m'mwamba. Kuseka kunamveka mpaka kudambo. Wina anakuwa kuti mlonda wachilomwe wagwa ndi mfuti yake yomwe. Rozaria anasenza dengu, anatola kakhasu kake, anafulatira n'kuyamba kuyenda, osathamanga, monga ayendera munthu amene sanalakwe.

Bizwick anadzuka ndi bondo limodzi. "Ikani pansi."

Rozaria sanacheuke.

"Mayi, ndati ikani pansi."

Ena amati chala chinaterereka. Ayi, tisamunamizire chifundo chimene sichinalipo. Anaika mfuti paphewa monga anamuphunzitsira, anatsinzina diso limodzi, anaona msana wa bulauzi yachikasu ukutalikira ndi katundu wa bwana pamutu, ndipo anakoka.

Kulira kwa mfutiyo kunagonthetsa m'makutu. Dengu linauluka, Rozaria anagwa chafufumimba pamizere. Bulauzi inali itang'ambika pakati pa mapewa, pali bowo lolowa nkhonya, nyama ili yofiira n'timafupa toyera. Miyendo inkapalasa dothi. Anayesa kudzuka ndi zigongono, magazi anatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, anagwanso nkhope m'fumbi. Pakhosi pake pankamveka phokoso la madzi otsekeka. Ng'ombe zinathawa michira m'mwamba. Mmodzi wa amayi aja anayamba mkuwo, onse n'kubalalika akutaya madengu ndi makasu.

Bizwick anayandikira. Magazi ankayenda m'ngalande ya mzere, dothi louma likuwamwa. Zimene zinali m'dengu zinali zitamwazika pamenepo: mphwephwa zopanda njere mkati, mtedza wobooledwa ndi chiswe, wina wotafunidwa ndi mbewa, wonse wamatope. Kusenda wonsewo sukanakwana nsinjiro za masiku awiri. Mantha amene anamugwira sanali ofanana ndi a madzi aja, chifukwa madzi sanawaitane yekha.

Anatulutsa foni n'kuimbira a Msokera.

"Bwana, ndaombera munthu m'munda."

"Wafa?"

Bizwick anayang'ana. Miyendo inali itasiya kupalasa. "Wafa."

"Anali ndi chida?"

"Dengu ndi kakhasu."

"Mwamuna?"

"Mayi. Anali akupita."

"Wamuombera kumsana? Masana ano?" Mawu a a Msokera anatsika, anasanduka a munthu amene akuopa kuti wina amumva. "Iwe ndiwe chitsiru. Ndinakupatsa kuti uziopsezera. Anakuuza ndani kuti lamulo limalola kupha munthu chifukwa cha mtedza? Munthu amaombera pamene moyo wake uli pachiswe, osati wakuba atafulatira."

"Munati aliyense ateteze chake, bwana."

"Ndiye ndi chako chimenecho?"

A Msokera sanadikire yankho.

"Tamvera. Tenga chikwanje umufumbatitse m'dzanja, iwe udzicheke pamkono. Unene kuti anafuna kukutema. Ndipo mfutiyo unaitenga wekha m'shedi, ine sindinakupatse. Wamva? Ndikuimbira apolisi."

Chikwanjecho sanachiike. Osati kuti anasanduka woyera mtima, koma maso onse aja anali ataona, ndipo kumudzi wenzulo zinali zitayamba kale kulira, wina akumenya chitsulo cha pasukulu. Anathamangira kunyumba.

Pamzere wa nyumba za matenanti anthu anali kutuluka ndi mitolo, akulowera kutchire. Palibe anamuyang'ana kumaso. Kapitawo anali atakwera kale njinga, fumbi lokha kumbuyo. Faness anali chiimire pakhomo, khanda kumsana, Triza atamugwira chitenje.

"Ndi ndani?" anafunsa.

"Mayi wa kumudziku. Akuti Rozaria."

"Amake Lydia? Timakhala nawo benchi imodzi kusikelo." Faness anagwira chipupa. Sanalire. Anangoti, "Mwatipha, bambo a Triza."

Kuthawa akanathawira kuti? Njira zonse zochokera pa esiteti zimadutsa m'midzi, ndipo mkazi wa kumwera wa khanda kumsana amadziwika akangopereka moni. Bizwick anayang'ana kanyumba kawo kaudzu, anayang'ana shedi. Shedi inali ya njerwa zootcha, yamalata, chitseko chachitsulo, timawindo ting'onoting'ono m'mwamba. Kiyi anali naye pachingwe m'khosi. Anawalowetsa pakati pa matumba a mtedza.

"Lowani nanu," anatero Faness.

"Loko ndi wakunja. Atseka ndani?"

"Ndiye tisiyeni tithawe."

"Akupezani panjira. Akufuna ine awa. Nyumba yathu aotcha, koma shedi ya bwana aiopa. Apolisi akubwera."

Anatseka, anakhoma loko. Umu ndi mmene amaganizira munthu amene wakhala nthawi yaitali akuopa bwana: amayesa kuti dziko lonse likumuopanso. Anaika chipolopolo china mumfuti n'kuima chotsamira chitseko.

Anthu a kumudzi anabwera modutsa m'munda, fumbi lili tolo. Panali makasu, nkhwangwa, zikwanje, mipini, ena miyala yokha m'malaya. Ng'ombe zija anazipeza zitaima pafupi ndi khola. Abale, ng'ombe zinalakwanji? Koma mkwiyo sufunsa. Mnyamata wina anatema yoyamba mtsempha wa mwendo wakumbuyo, inakhala pansi ikulira, anzake n'kuigwera ndi nkhwangwa pamsana ndi pakhosi. Yachiwiri inathamanga matumbo akukwekwereka mpaka inagwera m'ngalande. Kenako anayatsa chigafa. Kenako kanyumba ka Bizwick, kamene kanapsa kamodzin'kamodzi, mphasa, bulangete ndi zovala za khanda zili momwemo.

Atafika pabwalo la shedi anaima patali pang'ono, chifukwa mpope wa mfuti unkawayang'ana. Miyala ndiyo inayamba. Ina inkagwa padenga, ina pachitseko, phokoso la malata ngati matalala. Mwala umodzi unamupeza Bizwick pachikope, diso lamanzere linadzaza magazi. Wina unamuphwanya milomo, analavula dzino. Theka la njerwa linamumenya pabondo, anagwada, anadzukanso.

"Ombera, galu iwe! Ombera tonse."

"Wapha mayi chifukwa cha mphwephwa."

"Lero udya mtedza wa bwana wakoyo."

Foni inalira m'thumba. Anaiika kukhutu ndi dzanja lamanzere, mfuti atainyamula ndi lamanja.

"Afika?" anali a Msokera. "Ali ndi zida? Ndiye tsopano lamulo lili mbali yako. Akubwera ndi zikwanje, moyo wako uli pachiswe, palibe khoti lingakutsutse. Aliyense woyandikira shedi, ombera. Muli zokolola za chaka chonse mmenemo."

"Muli ana anga mmenemo, bwana."

"Ndiye bwino. Uombera ndi mtima wonse. Apolisi ali m'njira."

Bizwick anaisiya foni igwe pansi.

Anyamata a kabaza anali atafika ndi njinga zawo zamoto. Bizwick anawaona akutsegula timapaipi, petulo akutsikira m'mabotolo. Ena anazula udzu wa mpanda n'kuzungulira nawo kuseri kwa shedi kumene mfuti sinkaona. Posakhalitsa fungo linamufika. Anamva botolo likusweka mkati, lina likutsatira: ankawaponyera pa timawindo tija. Matumba ouma, mtedza wamafuta, petulo pamwamba. Apa m'pamene anazindikira chimene anachita ndi loko uja.

"Muli anthu muno!" anakuwa. "Muli mkazi wanga ndi ana."

"Bodza. Akuteteza mtedza wa bwana wake."

"Ndikulumbira, muli khanda."

"Matenanti onse athawa, tawaona. Yatsani."

Kumsana kwake ankamva chitseko chikunjenjemera ndi nkhonya za Faness. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti ndi nkhonya. Kwa ena onse linali phokoso lomwe lija la miyala pachitsulo.

Kenako gulu linang'ambika pakati, munatuluka munthu wamfupi, wadazi, malaya onse ofiira kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno. Anali Hilario. Anali atatsalira kumunda atafungata mkazi wake, n'chifukwa chake anafika mochedwa. M'dzanja anali ndi kasemasema wake wosemera mitengo. Sanakuwe, sanatukwane. Ankangobwera, phazi ndi phazi, maso pa Bizwick, ngati mfuti ija ndi mpini wa khasu.

Bizwick anaika mfuti paphewa. Ndi diso limodzi lotsalalo anaona chifuwa cha Hilario kumapeto kwa mpope. Cha kumanja, pangodya ya shedi, anaonanso mnyamata wa chipewa chofiira atanyamula muuni wa udzu, akugwedeza bokosi la machesi.

A Msokera sananame ulendo uno. Munthu akubwera ndi chitsulo kudzakupha, wina akufuna kuotcha ana ako, ukaombera palibe angakunene. Kumunda kuja lamulo linamukana iye anaombera, tsopano linali kumulola. Koma lamulo silinamuuze kuti aombere uti, pakuti mfuti inali ya chipolopolo chimodzi ndipo anthu anali awiri. Akagwetsa Hilario, wa machesi ayatsa. Akagwetsa wa machesi, gulu limugwera asanathyole mfuti, ndipo machesi ali m'thumba la aliyense. Kiyi apsa naye m'khosi, kapena apondedwa m'fumbi pamodzi ndi mutu wake. Ndiponso ana anayi aja, amene m'mawa anali ndi mayi, madzulo akhale opanda ndi bambo omwe. Chala chinali pomwe paja, chikudziwa kale njira.

Hilario anali atafika poti akanatha kugwira mpope ndi dzanja.

Bizwick anatsitsa mfuti. Anaithyola, anasolola chipolopolo, anachikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kuchiponya kumapazi a Hilario. Mfuti anaigoneka pansi. Anagwada, bondo lophwanyika lija likumubaya mpaka m'mutu, anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Bambo, tsegulani muone," anatero, mawu akutuluka ndi magazi. "Mukapeza mtedza wokha, mundiponye momwemo muyatse."

Gulu linakhamukira kutsogolo. Mpini unamugwera paphewa, fupa linathyoka momveka. Wina anamuponda kumsana, nkhope inagunda pansi. Koma dzanja la kiyi sanalibweze.

"Taimani," anatero Hilario. Sanakweze mawu, koma anali mwini maliro, ndipo apafupi anauza akutali. Miyala inaleka. Wa machesi anaima, kamtengo kali m'zala. M'chete umenewo m'pamene chinamveka: nkhonya pachitsulo, kutsokomola, ndi kulira kwa khanda kosasa mawu.

Hilario anatenga kiyi. Anamulowetsa m'bowo la loko n'kupotoza. Chitseko chitatseguka fungo la petulo linawabweza anthu m'mbuyo. Faness anatuluka akudzandira, maso ofiira, chitenje chonyowa mbali imodzi, zala zotupa ndi kumenya chitseko. Triza anali atakwirira nkhope m'ntchafu mwa mayi ake. Amuna ena amene anazungulira ndi udzu aja anayang'ana pansi. Mnyamata wa chipewa chofiira anataya muuni n'kuuponda, ngakhale sunali woyaka.

Koma si onse anachita manyazi. Mlongo wake wa Rozaria, chimunthu chachitali, anamugwira Faness padzanja n'kumukoka mpaka khanda linapendekeka kumsana. "Mkazi kubwezera mkazi," anatero, chikwanje chili m'mwamba. "Nayenso amve mmene zimawawira."

Bizwick anayesa kudzuka, phazi la wina linamubwezera pansi.

Hilario anaika mpini wa kasemasema pachifuwa cha mlamu wakeyo. "Alamu, sindinabwerere ameneyu."

"Mlongo wanga ali gone m'munda ngati galu."

"Ndamunyamula ndine. Musiyeni."

Anayang'anizana. Kenako dzanja linamasuka. Amayi amene anali kumbuyo kwa gulu, omwe aja a kumunda, ena magazi a Rozaria ali m'zitenje, anabwera n'kumuzungulira Faness. Sanamuyankhule mokoma, sanamumwetulire. Mmodzi anangomukonzera khanda kumsana, wina ananyamula Triza n'kumufunditsa chitenje kumutu.

"Mukawasiye kwa asisitere," anatero Hilario. "Wina asawakhudze panjira."

Faness anayesa kudzipatula. "Bambo a Triza."

"Pitani, mayi," anatero Bizwick. "Musacheuke. Mwanayo asavundukule."

Anamukoka. Njira yochoka pashedi imatsika molunjika, kudutsa pakhola, mpaka pamzere wa mabulugamu pamene imakhotera kumsewu. Amayi anayenda naye pakati pawo, iye akukokera m'mbuyo, iwo akumukankhira kutsogolo.

Amuna anayandikira, bwalo linachepa. Wina anakweza khasu.

"Dikirani," anatero Hilario. "Ana asaone."

Anamugwira Bizwick pakolala n'kumudzutsa kuti agwade bwino. Ananjuta patsogolo pake, nkhope ndi nkhope. M'maso mwake munalibe moto, munali kutopa kokha.

"Kodi ng'ombe simunazione, alonda?"

"Ndinaziona."

"Nanga?"

"Sindinkadziwa, bambo. Kwathu sizitero." Anameza magazi. "Koma anali atafulatira. Zimenezo ndinkadziwa."

Hilario anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuimirira. Kumsewu kunalibe fumbi la galimoto iliyonse. Kaya kupha munthu wogwada, wopanda chida, lamulo limati chiyani, aliyense pabwalopo ankadziwa, ndipo palibe anachoka. Hilario anayang'ana kunjira, koma misozi inali itamudzadza m'maso. Anapukuta ndi mkono, mkonowo unali wamagazi, anangoipitsiratu.

Bizwick ndiye ankaona bwino, ndi diso lake limodzi. Anaona kagulu ka zitenje kakudutsa pakhola, pamene panagona ng'ombe yotemedwa. Anaona mutu wa Faness ukufuna kutembenuka, dzanja la mayi wina n'kuubweza. Anaona timiyendo ta Triza tikulendewera m'chiuno mwa munthu wachilendo. Anafika pamabulugamu. Chitenje choyamba chinalowa kuseri kwa mitengo, chachiwiri, kenako msana wa khanda uja, kenako wotsiriza.

Hilario anali akupukutabe m'maso.

"Akhota," anatero Bizwick.